Bowa ndi ndiwo zakutchire ku Kasungu: mafunso ndi mayankho pa zodyedwa ndi zakupha

Mvula yoyamba ikangogwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, malichero a bowa amayamba kuoneka m'mbali mwa msewu wa M1, ku Chinkhoma, pa boma, ku Chatoloma mpaka ku Nkhamenya. Imeneyi ndi nyengo imene nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndipo bowa ndi masamba akutchire ndiwo amagwira mabanja ambiri. Ndi nyengo yomweyonso imene banja lonse limatha kugonekedwa m'chipatala chifukwa cha mphika umodzi. M'munsimu tayankha mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri.

Kodi pali njira yachidule yodziwira kuti bowa uyu ndi wakupha?

Palibe. Mtundu wa chipewa, fungo, kukoma, kuterera kapena kukula kwake, palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chingakuuzeni pachokha. Pali bowa wofiira wodyedwa ndi wofiira wodwalitsa, pali woyera wankhuli ndi woyera wowononga chiwindi. Amene amazula bowa zaka zambiri osadwalitsa banja sayendera lamulo limodzi ayi. Amadziwa mitundu yowerengeka, uliwonse ndi dzina lake, malo ake ndi mwezi wake, ndipo wina aliyense amamusiya pomwepo n'kumutcha chirombo. Inunso yambani ndi mitundu iwiri kapena itatu, muiphunzire kutchire komweko pamodzi ndi mayi amene wakhala akuzula m'dera lomwelo, osati pa chithunzi cha pa WhatsApp. Chithunzi sichionetsa zimene zili pansi pa nthaka, ndipo n'kumeneko kumene kumabisala zizindikiro zofunika kwambiri.

Bowa wodyedwa wodziwika kuno ndi uti, ndipo amamera pati?

Tingamugawe m'magulu awiri potengera malo amene amamera.

Woyamba ndi bowa wa chiswe: utale, nyonzwe ndi manda. Akatswiri amautcha mtundu wonsewu Termitomyces. Chiswe chimalima bowayu m'zisa zake pansi pa chulu, n'chifukwa chake amapezeka pachulu, m'mbali mwake, kapena m'munda momwe chisa chili pansi posaoneka. Manda ndi tating'ono toyera tomera tambirimbiri pa dothi limene chiswe chatulutsa usiku.

Wachiwiri ndi bowa wa m'nkhalango ya miombo: ndelema, manyame, chipatwe ndi chipindi. Ameneyu amakhalira limodzi ndi mizu ya mitengo monga mombo, tsamba, mtondo ndi msuku. Mtengo ukadulidwa, bowa wakenso amatha, ndipo n'chifukwa chake midzi yozunguliridwa ndi minda ya fodya yokhayokha ikuyenda mtunda wautali chaka ndi chaka, pomwe oyandikana ndi nkhalango ya Chimaliro akumupezabe.

Mayinawa amasintha. Dzina limene a ku Santhe amapatsa bowa wina, a ku Kaluluma, kumene Chitumbuka chimamveka kwambiri, angalipatse wina. Munthu akakuuzani dzina lokha musakhutire, akuonetseni bowayo m'manja.

Pali bowa wamkulu woyera amene amamera pa kapinga ndi pafupi ndi makola. Kodi si utale womwewo?

Ameneyu ndi wofunika kumudziwa bwino, chifukwa amanyenga anthu ambiri m'maiko otentha. Dzina lake ndi Chlorophyllum molybdites. Chipewa chake n'chachikulu, choyera, chokhala ndi timamba tofiirira makamaka pakati. Pa mwendo wake pali kamphete kamene kamatha kusuntha mukakakankha ndi chala. Amakonda mabwalo a sukulu, kapinga wa pakhomo, madambo odyetsera ng'ombe ndi malo a manyowa, ndipo nthawi zambiri amamera mozungulira m'bwalo.

Pali zinthu ziwiri zomusiyanitsa ndi utale kapena nyonzwe.

Choyamba ndi muzu. Kumbani mozungulira ndi kamtengo, musathyole. Mwendo wa utale ndi nyonzwe sumathera pamwamba pa nthaka: umapitirira pansi, ukunka nuwonda, mpaka kukafika pa chisa cha chiswe, nthawi zina kutalika ngati mkono wa munthu. Wa Chlorophyllum umathera pomwepo ndi kachibulumwa kakang'ono, ndipo amazuka mosavuta. Manda okha ndiwo alibe muzu wautaliwu, koma kuchepa kwake ndi kamerekedwe kake kaunyinji sikungasokonezeke ndi bowa wamkulu chotere.

Chachiwiri ndi timizere ta kunsi kwa chipewa. Ta utale timakhala toyera, kenako totuwira mofiirira pang'ono. Ta Chlorophyllum timayamba toyera, koma akakhwima timasanduka tobiriwira motuwa. Vuto ndi lakuti wanthete, amene anthu amamukonda, sanayambe kubiriwira. Choncho musadalire mtundu wokha, onani muzu.

Timamba ndi kamphete musazitenge ngati umboni, chifukwa mitundu ina ya bowa wa chiswe ilinso nazo. Wodya Chlorophyllum amayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba kwambiri pakadutsa ola limodzi mpaka atatu, nthawi zina ndi magazi. Wamkulu wathanzi nthawi zambiri amachira, koma mwana kapena agogo angathe madzi m'thupi tsiku lomwelo.

Nanga ndelema? Ena akuti ndi m'bale wa bowa wakupha kwambiri.

N'zoona. Ndelema ndi wa mtundu wa Amanita, ndipo mu mtundu womwewu muli Amanita phalloides, amene amapha anthu ochuluka kuposa bowa wina aliyense pa dziko lapansi. Onse awiri amatuluka m'nthaka ngati dzira loyera, onse amatsala ndi kathumba patsinde akatambasuka, onse ali ndi kansalu kolendewera pa mwendo, ndipo timizere ta kunsi n'toyera kwa onse. Ndiye kathumba ndi kansalu sizingakulekanitsireni awiriwa.

Ndelema weniweni ndi wamkulu, wonenepa, chipewa chake choyera koma chodera pakati, choterera kukagwa mvula, ndipo amamera pansi pa mitengo yathu ya miombo ndi misuku, kawirikawiri mu Disembala ndi Januwale. Amanita phalloides kwawo ndi ku Ulaya. Anafika kum'mwera kwa Africa pamodzi ndi mitengo yobwera monga paini. Chipewa chake chimakhala chobiriwira mwachikasu, ndi timizere tosaoneka bwino tochokera pakati, koma mvula ikamusambitsa amatha kuyera mpaka kufanana ndi ndelema. Theka la chipewa chimodzi lingathe kupha munthu wamkulu.

Maganizo athu ndi awa: ndelema si bowa woyambira kuphunzira. Ngati simunakule mukumuzula, musamuzule nokha. Ngakhale odziwa asatole mazira osatambasuka pa malo achilendo, popeza pa msinkhu umenewo zizindikiro zonse zimakhala zisanatuluke. Ndipo bowa aliyense wa kathumba patsinde womera pansi pa mitengo yodzala asalowe m'dengu.

Manyame ndi chipatwe timazidziwa bwanji?

Izi ndi zosavutirapo. Ndi zachikasu, zaolenji kapena zofiira, chipewa cholowa pakati, m'mphepete mokhotakhota. Makwinya a kunsi amatsika ndithu mpaka pa mwendo, sathera pa khosi. Zilibe kamphete, zilibe kathumba, ndipo zimamera pa dothi pansi pa miombo, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi. Bowa waolenji womera mothithikana pa chitsa kapena pa chipika chowola si manyame, musiyeni.

Kodi kuyesa bowa pa pepala kumachitika bwanji?

Bowa amabereka ndi fumbi losalala limene limagwa kuchokera ku timizere ta kunsi, ndipo mtundu wa fumbili ndi chizindikiro chodalirika kuposa mtundu wa chipewa. Sankhani bowa wotambasuka koma wosawola. Dulani mwendo pafupi ndi chipewa. Ikani chipewacho timizere titayang'ana pansi, pa pepala limene theka ndi loyera, theka mwalidetsa ndi khala. Vundikirani ndi kapu kapena mbale kuti mphepo isalowe, musiye maola 6 mpaka 8, kapena usiku wonse. Mukavundukula mudzaona chithunzi cha timizere tija.

Fumbi lobiriwira ndi Chlorophyllum, tayani. Utale ndi nyonzwe amasiya fumbi lotuwira mofiirira pang'ono. Loyera mbee silikutsimikizirani kanthu, chifukwa ndelema ndi abale ake akupha onse amasiya loyera. Pepala likakhala lopanda kanthu ndiye kuti bowayo anali wanthete kwambiri kapena wouma, ndipo kuyesako sikunayankhe funso lanu.

N'zoona kuti bowa wa pansi pa bulugama ndi paini sadyedwa?

Lamulo limeneli lisungeni, ngakhale chifukwa chake si chimene ambiri amanena. Si kuti mtengowo umathira poizoni mu bowa wabwino. Bulugama anachokera ku Australia, paini anachokera kumaiko ena akutali, ndipo mitengoyi inabwera ndi bowa wakewake pa mizu. Makolo athu sanamudziwe, motero nzeru imene anatisiyira sikhudza bowa ameneyu. Kuno ku Kasungu, kumene maesiteti a fodya anadzala bulugama wambiri wa nkhuni ndi milimo ya zigafa, nkhaniyi ndi ya pakhomo penipeni.

M'nkhalango za paini mumamera Amanita muscaria, wachipewa chofiira cha madontho oyera. Mvula yamphamvu imachotsa madonthowo, n'kutsala bowa wofiira wosalala wofanana ndi ena odyedwa a m'miombo. Womudya amazunguzika mutu, amalankhula zosamveka ndi kuwodzera kwambiri pasanathe maola awiri.

Ndikamuwiritsa n'kutaya madzi, kapena kumufutsa, poizoni satha?

Pali bowa wina, monga mitundu ina ya chipindi, woyabwa kapena wowawa akakhala wamuwisi, amene amakoma akawiritsidwa ndi kutaya madzi oyamba. Apa ndi pamene panachokera chikhulupiriro chakuti moto umakonza bowa aliyense. Poizoni wa Amanita phalloides saphedwa ndi moto, dzuwa, mchere, chidulo kapena nsinjiro. Bowa wakupha wofutsa amene wakhala m'chikwatu mpaka Okutobala amapha chimodzimodzi ndi wa tsiku lomwelo. Komanso poizoniyu amasungunukira mu msuzi, choncho mwana amene anangopatsidwa msuzi wokha nayenso wadya.

Kufutsa kumabweretsa vuto linanso: bowa akaduladula ndi kuuma sadziwikanso. Sankhani musanadule, mmodzimmodzi, masana kukuwala, ndipo mtundu uliwonse uyanikidwe paokha.

Ngati mbozi, nkhono kapena anyani akumudya, si ndiye kuti ndi wabwino?

Ayi. Matupi a tizilombo sagwira ntchito ngati athu, ndipo nkhono zimadya bowa wakupha munthu osamva kanthu. Kuyamba mwapatsa galu kapena nkhuku nakonso n'kosathandiza, popeza poizoni woopsayo amatenga maola ambiri asanaoneke: galu adzakhala akuthamanga bwinobwino pamene inu mukumaliza nsima. Supuni kapena anyezi kuda mumphika sizisonyeza chilichonse.

Bowa wodziwika bwino angadwalitsenso?

Inde, akawola. Bowa amaonongeka msanga, makamaka mu jumbo momwe amachita thukuta. Nyamulirani m'dengu kapena pa lichero, muphike kapena kufutsa tsiku lomwelo. Wonunkha, wa madzimadzi kapena wodzaza mphutsi atayidwe. Muphikeni apse ndithu, osamudya wamuwisi. Pewaninso bowa ndi masamba a m'mphepete mwa munda wa fodya kapena wa thonje wopoperedwa kumene, ngakhalenso pa chulu chimene wina wathirapo mankhwala ophera chiswe.

Pogula pamsika ndiyang'ane chiyani?

Gulani wathunthu, wa mtundu umodzi pa mulu. Mulu wosakaniza kapena woduladula kale usiyeni, ngakhale utsike mtengo. Funsani kuti, "Mayi, ameneyu ndi bowa wanji, ndipo mwazula kuti?" Wozula yekha amayankha mosazengereza, ndi dzina ndi malo omwe. Kunyumba khuthulirani pa lichero, muonenso aliyense. Ana akathandiza kuzula, dengu lawo lisankhidwe ndi wamkulu lisanaphatikizidwe ndi lina.

Zizindikiro zikachedwa kubwera, ndiye kuti poizoni ndi wochepa?

Ndi mosemphana, ndipo yankho ili ndi limene tikufuna kuti aliyense alisunge. Bowa wongovuta m'mimba amadziwika msanga, pasanathe maola atatu kapena anayi. Wowononga chiwindi amakhala phee maola 6 mpaka 24. Banja limadya madzulo, kugona bwino, m'mawa kapena masana ake ndiye kuyamba kusanza, kupotokola m'mimba ndi kutsekula kwa madzi okhaokha. Popeza ndi nthawi ya dzinja, ambiri amaganiza za kolera, ndipo za bowa wa dzulo palibe amazikumbukira.

Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu wodwala amaoneka ngati wachira. Kusanza kumaleka, amapempha phala, achibale amayamba kukonzeka zobwerera kumudzi. Nthawi imeneyi ndi imene chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Kuyambira tsiku lachitatu mpaka lachisanu maso amachita chikasu, mkodzo umachepa ndi kuda, magazi amatuluka m'nkhama kapena m'mphuno, munthu amasokonezeka kenako kukomoka. Akulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala: wodwala wotere asatulutsidwe m'chipatala chifukwa choti akuoneka bwino, adikire achipatala anene okha.

Dziwaninso kuti ngati mumphika munali mitundu yosakaniza, kusanza koyambirira sikutanthauza kuti wakupha uja munalibe.

Munthu akadwala atadya bowa tichite chiyani?

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, onse amene anadya, ngakhale amene sakumva kanthu. Ana ndi amayi oyembekezera atsogole. Yambani ndi chipatala chimene chili pafupi. Iwo ndi amene angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma pa Kasungu, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe ngati pakufunika kutero.

Tengani zotsala: bowa wosaphika, zodula zimene munataya kudzala, ndi ndiwo za mumphika. Wosaphikayo mumukulunge m'pepala, osati mu jumbo. Mukafika nenani mawu oti "tadya bowa" poyamba penipeni, ndipo mutchule ola limene munadya ndi ola limene woyamba anayamba kudwala. Kutalika kwa nthawi imeneyi kumathandiza dokotala kudziwa mtundu wa poizoni.

Pa njira, wodwala amene ali maso azimwa Thanzi ORS pang'onopang'ono. Ngati palibe, sungunulani masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Wokomoka kapena wowodzera kwambiri musamumwetse kanthu, mugonekeni chammbali. Musamusanzitse ndi madzi a mchere wambiri, sopo kapena phulusa. Mkaka suchotsa poizoni. Makala a pa mbaula si ofanana ndi makala a mankhwala amene achipatala amapereka. Mowa ndi Panado zimalemetsa chiwindi chimene chavulala kale, choncho zipeweni. Ndipo musataye tsiku pofufuza amene walodza banja.

Tibwere ku masamba. Bonongwe angasokonezeke ndi chiyani?

Bonongwe, chisoso, luni, denje, chewe ndi mwamunaaligone ndi ndiwo zodziwika, ndipo zikakula palibe amazisokoneza. Ngozi ili pa zomera zanthete zothyoledwa mwamsangamsanga chakumadzulo. Pa dzala, pa khola lakale ndi pa nthaka ya manyowa pomwe bonongwe amakonda, pamameranso Datura, chomera cha maluwa oyera aatali ngati lipenga ndi zipatso zaminga zodzaza njere zakuda. Chisanachite maluwa, masamba ake amalowa m'manja pamodzi ndi bonongwe.

Tsamba la bonongwe ndi losalala m'mphepete ndipo lilibe fungo lamphamvu. La Datura lili ndi mano akuluakulu osalingana m'mphepete, ndipo mukalifikisa limanunkha moipa. Masamba ochepa okha amakwanira kudwalitsa onse odya mphikawo. Zizindikiro zake ndi kuuma kukamwa, khungu lotentha louma, mboni za maso zotanuka, mtima kuthamanga, kulephera kukodza, ndi kuona kapena kutola zinthu zimene palibe. Anthu amathamangira kunena kuti ndi misala kapena ziwanda. Ngati anthu awiri kapena atatu a nyumba imodzi ayamba zimenezi atangodya, ndi poizoni, apite kuchipatala. Pothyola, thyolani nsonga imodziimodzi, osati kumweta ndi chikwakwa, ndipo musadzule musanatsuke.

Mnadzi ndi nthula?

Masamba a mnadzi amadyedwa ataphikidwa bwino, ndipo ambiri amataya madzi oyamba kuti kuwawa kuchepe. Tizipatso take tosapsa, tobiriwira, tichotsedwe tonse. Nthula zakutchire, zachikasu zomera pa kachitsamba kaminga, sizidyedwa ngakhale zifanane ndi timabilinganya ta kudimba timene anzathu a ku Chipata amati impwa.

M'chaka cha njala anthu amakumba mizu. Ndi iti yoopsa?

Amene anaona njala ya 2002, imene inakantha Kasungu kwambiri, akudziwa kuti anthu anafika podya mizu ya nthochi ndi zikhawo zakutchire zimene sankazidziwa bwino. Muzu ukachoka pa chomera chake sudziwika, ndiye lamulo loyamba ndi lakuti musakumbe chimene simunaone masamba ndi maluwa ake.

Zilazi zakutchire zili mitundumitundu. Ina imadyedwa itangophikidwa, koma ina, makamaka ya tsamba logawika patatu ndi tsinde laminga, ili ndi poizoni wogwetsa munthu ngati khunyu. Amene ankaidya kale ankaisenda, kuidula mopyapyala, kuiwiritsa ndi kuiviika m'madzi oyenda masiku angapo. Kulakwitsa pang'ono, kapena kufupikitsa masiku chifukwa ana akulira njala, ndi kumene kumapha. Ife sitilimbikitsa munthu amene sanaphunzire kwa wodziwa kuti ayesere.

Choopsa china ndi Gloriosa superba, chomera choyanga cha maluwa okongola ofiira ndi achikasu opindikira m'mwamba, chimene nsonga za masamba ake zimapota n'kugwira udzu. Muzu wake ndi woyera, wautali, wopindika pakati, ndipo ena amauyesa chilazi kapena mbatata. Palibe kaphikidwe kamene kamaukonza. Okumba chinaka m'madambo azisankhanso bwino zimene alowetsa m'thumba.

Chinangwa chowawa nachonso chimapha chikadyedwa chachiwisi kapena chongowiritsa. Chisendedwe, chiviikidwe masiku osachepera atatu mpaka chifewe, kenako chiume bwino. Chigwada chisinjidwe ndi kuwira mokwanira mumphika wosavundikira.

Nanga kalongonda?

Amadyedwa, koma amafuna nkhuni ndi kudekha. Awiritsidwe, asendedwe makoko, kenako awiritsidwenso maola ambiri mukutaya madzi akuda aja kangapo mpaka ayere. Wosapsa amachititsa chizungulire, kusanza ndi kusokonezeka mutu.

Ana amakonda kutola zipatso ndi njere. Tiwachenjeze pa ziti?

Masuku, maula, matowo, nthudza ndi mpoza zakupsa zilibe vuto. Mateme adyedwe akupsa okha, ndipo njere zake zilavulidwe, zisatafunidwe. Zoopsa zambiri sizili kutchire koma pa mpanda wa pakhomo. Njere za nsatsimanga zimakoma ngati mtedza, ndipo mwana akatafuna zochepa chabe amasanza ndi kutsekula kwambiri. Za nsatsi ndi zoopsa koposa zikatafunidwa. Chimodzimodzi tinjere tofiira towala ta kadontho kakuda timene ana amaseweretsa ndi kupangira mikanda. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15 kenako mupite kuchipatala. Mwana akameza chilichonse mwa izi, thyolani nthambi ya chomeracho, ya masamba ndi zipatso, mupite nayo limodzi.

Tingakazule bowa mu paki ya Kasungu kapena m'nkhalango ya boma?

Osati popanda chilolezo. Paki ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo nkhalango ngati Chimaliro zili pansi pa nthambi ya zankhalango. Funsani kudzera ku komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwanu kapena kwa alangizi a nthambizi kuti akuuzeni malo ndi masiku ololedwa. Kupatula kumangidwa, palinso njovu: mu 2022 mu pakiyi munabwera njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo m'mamawa, nthawi imene ozula bowa amalawira, ndi pamene zimakhala zikuyenda m'malire. Pitani pagulu, dzuwa litatuluka, ndipo mukaona ndowe zaziwisi kapena nthambi zothyoka kumene, bwererani.